Poto wa pulesha akamataya nthunzi, akakana kulira, kapena akamalavula chakudya

Poto wa pulesha wa stainless steel (chitsulo chosachita dzimbiri msanga), amene m'masitolo amalembedwa kuti pressure cooker, thupi lake silifa msanga. Zimene zimatopa ndi tizinthu tinayi ta pachivundikiro: labala wozungulira m'mphepete, kapaipi kotulutsira nthunzi, kachitsulo kolemera kamene kamakhala pamwamba pa kapaipiko n'kumalira, ndi valavu yachitetezo. Madandaulo ambiri, kaya ndi oti nyemba sizikupsanso msanga kapena oti msuzi wafika kudenga, gwero lake limakhala pa zinayizi, pa moto, kapena pa kuchuluka kwa zimene mwathiramo.

Musanagwire chilichonse, dziwani mphamvu imene ili m'katimo. Mapoto ambiri a pamoto amagwira ntchito pa 80 mpaka 100 kPa, ena amalemba kuti 12 mpaka 15 psi (kPa ndi psi ndi miyeso ya pulesha, kutanthauza mphamvu ya nthunzi yopanikizika). Pa 100 kPa madzi amawira pa 120°C m'malo mwa 100°C, n'chifukwa chake chakudya chimapsa msanga. Koma mphamvu yomweyo imakankha chivundikiro cha masentimita 22 ngati katundu wa makilogalamu pafupifupi 380, kuposa matumba 7 a chimanga a makilogalamu 50. Choncho mavuto a potoyu ali mitundu iwiri yosafanana kulemera. Nthunzi ikamathawira posayenera, mumangoluza nthawi ndi makala. Ikasowa potulukira, m'pamene anthu amapsa. Kukonza kulikonse kotseka njira ya nthunzi pofuna kuti poto asiye kutaya n'kusinthanitsa vuto laling'ono ndi lalikulu.

Yambani mwamuyesa ndi madzi okha

Musamayese poto wokayikitsa muli ndiwo. Thiranimo makapu awiri a madzi, mamililita 500. Nyamulani chivundikiro, chotsani kachitsulo kolemera, ndipo suzumirani m'kapaipi molunjika kowala. Muyenera kuona kuwala kozungulira bwino. Tsekani poto popanda kachitsulo kaja, muike pamoto waukulu. Pakatha mphindi zochepa nthunzi iyambe kutuluka pakapaipi mosadukiza. Pamenepo ikani kachitsuloko mpaka kakhazikike, kenako yang'anani pamene nthunzi ikutulukira: m'mphepete mwa chivundikiro, pavalavu, pachogwirira kapena pansi pa kachitsulo. Ngati poto wanu ndi wa mtundu wa sipuling'i, wopanda kachitsulo kochotsa, tsekani, sankhani pulesha yapamwamba, ndipo dikirani kuti kapini kosonyeza pulesha katumphukire m'mwamba.

Nthunzi ikutuluka m'mphepete mwa chivundikiro

Ili ndiye vuto lobwerabwera kuposa onse, ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi labala. Timadontho tochepa ndi kanthunzi pang'ono poyambirira, poto asanagwire pulesha, si vuto, chifukwa labala amakanikizika bwino pulesha ikakwera. Vuto ndi pamene nthunzi ikupitirirabe kutuluka m'mbali patatha mphindi zingapo, madzi n'kumayenderera m'thupi la poto.

Zimitsani moto, dikirani poto azizire, chotsani labala. Mutsukeni ndi madzi ofunda a sopo, mutsukenso ngalande imene amakhalamo, pakuti kanjere kamodzi ka mpunga kapena khoko la nyemba n'lokwanira kusiya mpata. Kenako mupindeni pang'onopang'ono kuzungulira yense. Mukaona ming'alu, mukamva kuti wauma gwa, kapena wayamba kumata m'manja, kapena watanuka moti sakukhalanso m'ngalande mwake, watha ntchito. Labala wa poto wophikidwira pafupipafupi amafunika kusintha pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, ngakhale m'maso akuoneka wabwino.

Pogula wina, tengani wakaleyo ndipo lembani dzina la kampani, nambala ya poto ndi kukula kwake. Malabala awiri akhoza kulembedwa onse masentimita 22 koma wina wokhuthala, wina wopyapyala, ndipo wa Prestige salowa m'malo mwa wa Hawkins kapena wa Tefal. Musadule labala wamkulu n'kumulumikiza ndi guluu, ndiponso musaikemo mphira wa chubu cha njinga kapena wa galimoto. Mphira wotere sanapangidwire chakudya ndipo sapirira kutenthako.

Labala watsopano nthawi zina amapangitsa chivundikiro kulimba potseka. Munyowetseni ndi madzi. Za kupaka mafuta ophikira, makampani amasiyana maganizo, ena amalola pang'ono, ena amaletsa chifukwa mafuta amafewetsa mphira wina, ndiye tsatirani kabuku ka poto wanu.

Ngati labala ndi watsopano koma nthunzi ikutulukabe pamalo amodzimodzi, yendetsani chala pamlomo wa poto. Chizolowezi chogogoda chipande kapena mthiko pamlomo pokutumula chakudya chimasiya timabala ting'onoting'ono, ndipo poto amene anagwapo pansi mlomo wake umapindika. Pamenepo labala sangathandize. Mlomo wopindika si woti muwongole ndi hamala, kapena kupita nawo kwa owotcherera. Potoyo akhoza kukhala wowiritsira madzi wamba, koma pulesha ayi. Onaninso masikuluwu a zogwirira: akamasuka, chogwirira cha chivundikiro ndi cha poto sizikumana bwino, chivundikiro n'kukhala chopendekeka. Kumanga masikuluwu awiri kokha kumathetsa kutaya kumene ena amagulira poto watsopano.

Posunga, musamatseke poto ngati mukuphika. Vundikirani chivundikiro chagada pamwamba pake kuti labala asapanikizike komanso kuti mpweya uzilowa.

Poto sakulira

Apa pali zinthu ziwiri zooneka ngati zofanana koma zosiyana kwambiri, ndipo muyenera kuzisiyanitsa msanga.

Choyamba: poto sakulira koma nthunzi ikutuluka penapake. Pulesha sikukwera chifukwa ikuthawa. Kupatula labala, yang'anani valavu yachitetezo. Pa mapoto ambiri ochokera ku India, pakati pa valavuyi pali kachitsulo kofewa kamene kanapangidwa dala kuti kasungunuke poto akauma madzi kapena kapaipi kakatsekeka. Mukaona kabowo pamenepo, valavu yagwira ntchito yake, ndipo poto sadzagwiranso pulesha mpaka mutaika ina. Gulani ya kampani yomweyo. Musatseke bowolo ndi bawuti, msomali, kamtengo kapena mtovu wowotcherera. Tikulimbikira pamenepa chifukwa ndi kakonzedwe kamene kamaoneka kanzeru, poto n'kuyambadi kuliranso, koma mwachotsa khomo lokhalo limene nthunzi ikanathawira tsiku limene kapaipi kadzatsekeke. Ngakhale Denis Papin, amene anapanga poto woyamba wa mtundu umenewu mu 1679, anamuikira valavu yachitetezo. Mukasintha valavu, fufuzaninso chimene chinaisungunula, apo ayi yatsopanoyo idzatheranso momwemo.

Kachitsulo kolemera nako kamadetsedwa m'kati ndi mafuta ouma, n'kumakhala mopendekeka pakapaipi. Kaviikeni m'madzi otentha a sopo ndi kukatsuka ndi kaburashi. Musasinthanitse ndi ka poto wina, pakuti kulemera kwake ndiko kumaika malire a pulesha, ndipo musaikepo mwala kapena chinthu china kuti kalemere.

Zifukwa zina n'zapafupi. Moto wachepa, kapena madzi mulibe okwanira kupanga nthunzi. Poto wodzaza ndi nyama yochokera mufiriji amatha kutenga mphindi 15 kapena kuposa asanalire, ndipo limenelo si vuto.

Chachiwiri ndiye choopsa: poto wakhala pamoto waukulu nthawi yaitali, chivundikiro chalimba, kapini kakwera, koma kuli zii, palibe nthunzi pena paliponse. Kapenanso amalira bwinobwino kenako wangosiya moto usanachepe. Apa mwina kapaipi katsekeka, mwina madzi atheratu. Zimitsani moto nthawi yomweyo. Ngati ndi pambaula, muchotseni mosamala, osamugwedeza, nkhope yanu ili kutali. Musanyamule kachitsulo kuti muone, musatokose kapaipi. Msiyeni azizire yekha mpaka mutha kumugwira ndi dzanja, kenako tsegulani ndi kuchotsa chimene chatsekacho ndi kawaya kapena kamtengo kotokosera m'mano, n'kupititsamo madzi.

Mapoto ena, monga a Prestige, ali ndi kampata m'mbali mwa chivundikiro pamene labala amatulukira pulesha ikapyola muyeso. Pophika, kampatako kaziloza kukhoma, osati kwa inu kapena kumene ana amadutsa.

Akulavula thovu ndi msuzi pakapaipi

Pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake n'kudzaza. Nyama, mbatata ndi ndiwo zina zisapitirire magawo awiri mwa atatu a poto, kuwerengera ndi madzi omwe. Mpunga, nyemba, nzama, khobwe ndi mphale zisapitirire theka, chifukwa zimafufuma ndi kuchita thovu. Nandolo wosenda ndi mphodza, zomwe zimachita thovu kwambiri, makampani ena amati zilekeze pa gawo limodzi mwa atatu. Pa poto wa malita 6, malirewo ndi malita 4, malita 3 ndi malita 2. Kunena mwachidule, poto wa malita 6 amakwana bwino nyemba zouma zolemera theka la kilogalamu. Mukafuna zambiri phikani kawiri.

Thovu limachepa mukataya madzi oviikira nyemba, kuzitsuka, ndi kuthira supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira. Mungathenso kuziwiritsa kaye poto ali wosatseka, kuyengula thovu loyamba, kenako n'kutseka. Soda ndi chidulo zisalowemo, zimautsa thovu.

Pali zakudya zimene si za poto uyu. Nsima, phala la mtundu uliwonse, thelere, ndi zonse zolimba kapena zonanda zimatha kukwera ndi kumata kapaipi. Nsinjiro thirani mukatsegula, mumalize kutendera poto ali wotsegula. Ndipo musakazinge m'mafuta ambiri chivundikiro chili chotseka. Mafuta amatentha kupitirira kwambiri pamene labala ndi valavu zingapirire.

Kulavula kwina kumabwera chifukwa chotulutsa nthunzi mofulumira. Mukanyamula kachitsulo poto wa nyemba akadali ndi pulesha, za m'katimo zimabwata mwamphamvu n'kukwera. Nyemba, mpunga ndi msuzi wambiri zisiyeni pulesha itsike yokha, mphindi 10 mpaka 20.

Chakudya chikupserera kunsi

Ili ndi vuto la stainless steel makamaka. Chitsulochi sichimwaza kutentha bwino. Aluminiyamu amayendetsa kutentha mofulumira kuchiposa kakhumi ndi kupitirira. N'chifukwa chake poto wabwino wa stainless steel amakhala ndi kunsi kokhuthala, kophatikizamo aluminiyamu kapena kopa pakati. Wopyapyala kunsi amatentha kwambiri pamene pali lawi pokha, ndipo popeza simungatakase poto wotseka, pamenepo ndi pamene pamapserera.

Cholakwika chofala n'kusiya moto waukulu poto atalira kale. Moto waukulu ndi wokwezera pulesha basi. Ikangokwana, chepetsani mpaka kachitsulo kazingopuma pang'onopang'ono. Kulira pafupipafupi sikufulumizitsa kupsa, kutentha kwa m'kati n'komweko, kungoti madzi akutha. Pagasi n'zosavuta. Pahotipuleti, imene imachedwa kuzizira, yatsiranitu puleti yachiwiri pamoto wochepa ndipo musamutsire poto pamenepo akalira. Pambaula dikirani makala ayake mpaka malawi atsike, poto akalira phulani makala ena kapena athireni phulusa pang'ono. Malawi asanyambite m'mbali, chifukwa amawotcha zogwirira ndi kuumitsa labala. Moto wa nkhuni pamafuwa sitiulimbikitsa ngakhale pang'ono, suchepetseka mwachangu.

Madzi akhale okwanira. Pa poto wa kachitsulo kolira, muyeso wothandiza ndi mamililita 300 pa mphindi 15 zoyamba, ndi ena 150 pa mphindi 15 zilizonse zowonjezera. A sipuling'i amataya madzi ochepa. Mukakazinga anyezi ndi nyama m'poto momwemo, thirani madzi ndi kupala zonse zomata kunsi musanatseke. Tomato muikeni pamwamba osatakasa, ndipo ufa wolimbitsira msuzi udikire kumapeto.

Zikapserera, musapale ndi mpeni. Thirani madzi ndi masupuni awiri a soda, wiritsani mphindi 10 poto ali wosatseka, musiye azizire, zidzamatuka zokha.

Nthawi yakwana koma nyemba zikadali zolimba

Werengani nthawi kuyambira pamene poto wagwira pulesha, osati pamene mwamuika pamoto. Pa pulesha yapamwamba, nyemba zoviika usiku wonse, maola 8 mpaka 12, zimapsa pa mphindi 10 mpaka 15, zosaviika 25 mpaka 35. Nyama ya ng'ombe yoduladula imafuna 20 mpaka 30, nkhuku yachikuda chimodzimodzi kutengera msinkhu wake, mang'ina 45 mpaka 60. Poto wa 80 kPa, ndiponso wamagetsi, amafuna nthawi yochulukirapo kuposa wa 100 kPa.

Kukwera kwa malo nako kumakhudza. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, madzi m'poto wamba amawira pa 96 kapena 97°C, ndipo ku Dedza, komwe n'kokwera kuposa apo, amawira pa kutentha kotsikirapo. M'poto wa pulesha kutentha kumatsikanso pang'ono. Lamulo lodziwika ndi kuwonjezera 5 peresenti ya nthawi pa mamita 300 aliwonse opitirira mamita 600. Kwa wa ku Lilongwe ndi mphindi imodzi kapena ziwiri pa mphindi 20, kwa wa ku Dedza zitatu. Wa ku Nsanje kapena ku Mangochi sakufunika kuwonjezera.

Ngati zonsezi zili bwino, vuto ndi nyemba zimene zagonera nthawi yaitali, madzi a pamjigo okhala ndi laimu wambiri, kapena tomato amene mwathira poyamba. Zowawasa zimalimbitsa khoko la nyemba, ndiye tomato azibwera nyemba zitafewa.

Magetsi akathima muli pakati pophika, musatsegule. Chakudya chimapitiriza kupsa pamene pulesha ikutsika. Ikatheratu tsegulani, onani madzi, ndipo pitirizani pamoto wina.

Chivundikiro chakana kutseguka

Chikakana, ganizani kaye kuti m'kati mukadali pulesha. Ngakhale itatsala gawo limodzi mwa magawo khumi, ikukankhabe ndi makilogalamu oposa 30, ndipo madzi otentha kupyola 100°C amasanduka nthunzi kamodzin'kamodzi chivundikiro chikachoka mwadzidzidzi. Musamenye chogwirira, musakanikize kapini ndi mpeni. Dikirani kapini katsike kokha. Kenako pendeketsani kachitsulo pang'ono ndi foloko: ngati sipakumveka nthunzi, kachotseni ndi kutsegula, chivundikiro chikuloza kutali ndi nkhope yanu.

Mukafulumira, ndipo ngati kabuku ka poto wanu kakulola, muikeni pansi pa mpopi, madzi ozizira aziyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa chivundikiro, osati pakapaipi kapena pavalavu. Musam'mize m'madzi, ndipo wamagetsi musamuyese n'komwe. Nthawi zina poto wozizira kale amakana kutseguka chifukwa nthunzi itazizira yakokera chivundikiro m'kati. Chotsani kachitsulo kuti mpweya ulowe, kapena mutenthetseni pang'ono. Kapini kakamatirira ndi chakudya, kugogoda chivundikiro pang'ono ndi chipande kumakatsitsa, koma pokhapokha poto atazizira.

Zakudya zolimbirako, monga nyemba zophwanyika, zimabisa nthunzi pansi. Gwedezani poto pang'ono pulesha itatha musanatsegule. Nyama ya chikopa, monga lilime la ng'ombe, musaibaye ikadali yotupa.

Wina akapsa ndi nthunzi, thirani madzi ozizira oyenda pabalapo kwa mphindi 20, vulani mphete ndi zibangili malowo asanatupe, ndipo musapake mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Bala la kumaso, m'manja, lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena la mwana, pitani nalo kuchipatala.

Mawanga m'kati

Mawanga oyera ndi laimu wa m'madzi, ndipo mitundu yonga utawaleza imabwera ndi kutentha kwambiri. Zonsezi sizoopsa, viniga kapena madzi a mandimu amazichotsa. Zoopsa kwa chitsulochi ndi Jik ndi mchere wokhala pansi osasungunuka, zomwe zimaboola timaenje tosafafanizika. Thirani mchere madzi atatentha ndipo takasani, musasiye chakudya chamchere kugona m'poto, ndipo musatsukire waya wachitsulo wamba, amene amasiya tizidutswa tochita dzimbiri.

Pogula wina

Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti: kodi labala, valavu ndi kachitsulo ka poto ameneyu mumagulitsa? Ngati sakudziwa kumene zimapezeka, potoyo adzakutumikirani mpaka labala woyamba atatha basi. Izi zikukhudzanso amene amatumiziridwa poto ndi abale a ku Johannesburg kapena ku London: apempheni aikemo malabala awiri ndi valavu yapadera.

Mutembenuzeni muone kunsi. Pakhale polembedwa 18/10, 18/8 kapena 304, kutanthauza chitsulo chokhala ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 mpaka 10 peresenti. Pakhalenso dzina la kampani, malita ndi pulesha yogwirira ntchito. Chizindikiro cha CE, cha UL, kapena cha ISI pa ochokera ku India chimasonyeza kuti anapangidwa motsatira miyezo. Kunsiko kukhale kokhuthala, kolemera, ndi kosalala moti poto sakugwedera patebulo. Ngati muli ndi sitovu ya induction, maginito amate kunsi. Koma maginito si muyeso wa ubwino wa chitsulo, pakuti thupi la 304 nthawi zambiri siligwira maginito.

Pachivundikiro werengani njira za chitetezo. Kupatula kachitsulo kapena sipuling'i, pakhale valavu yachitetezo, ndi loko woletsa kutsegula pulesha ilipo. Mapoto a chivundikiro cholowa m'kati, monga ambiri a Hawkins, pulesha yomweyo ndiyo imachikanikiza kuti chisatseguke. Wa malita 5 kapena 6 amakwanira banja la anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi, ndipo banja lalikulu lophika nyemba kawirikawiri lifunika wa malita 8 kapena 10, wokhala ndi zogwirira mbali zonse ziwiri. M'kati mukhale mizere yosonyeza theka ndi magawo awiri mwa atatu.

Poto wogwiritsidwapo kale ntchito muguleni pokhapokha ngati dzina ndi nambala yake zikuwerengeka, mlomo uli wosalala, kunsi sikunafufume kapena kuyamba kumatuka, ndipo palibe powotcherera kapena bawuti pamalo a valavu. Mukafika naye kunyumba sinthani labala ndi valavu, kenako mumuyese ndi makapu awiri a madzi musanaphikiremo chakudya.